Amene akukugulitsani maloto a pa intaneti sagulitsa ngakhale sokosi

Pali mtundu wa anthu umene wachuluka pa Facebook ndi TikTok masiku ano, ndipo ine ndatopa nawo. Amajambulitsa atatsamira galimoto yonyezimira, makiyi ali m'manja, kenako n'kulemba kuti yambani bizinesi ya pa intaneti ndi K20,000 yokha, pakutha pa miyezi itatu muzidya mamiliyoni. Pansi pake pali nambala ya Airtel Money kapena Mpamba. Mukatumiza K10,000 akulowetsani m'gulu la WhatsApp, ndipo m'menemo ndi momwe akakuuzeni chinsinsi chonse, eti.

Musanatumize ngakhale tambala, funsani funso limodzi losavuta: kodi mkuluyu amagulitsa chiyani? Fufuzani tsamba lake lonse kuyambira pamwamba mpaka pansi. Simupezamo nsapato, simupezamo mafuta odzola, ngakhale sokosi imodzi. Munda umene akukololamo ndi inuyo. Anthu 300 akalipira K10,000 aliyense, iye wapeza K3,000,000 osanyamula katoni, osapita kuboda, osakangana ndi kondakitala pa mtengo wa katundu. Geni yake ikuyendadi, pamenepo sinditsutsa. Koma ndi geni yogulitsa chiyembekezo kwa achinyamata amene satifiketi ili m'chikwama pomwe ntchito kulibe, ndipo ndalama akutolerazo ndi mpamba weniweni umene anzathuwo akanayambira malonda.

Ndisamveke molakwa. Kuyamba malonda a pa foni ndi kandalama kochepa n'kotheka ndithu. Tonse timawadziwa anzathu amene akugulitsa kaunjika, mawigi, makeke, machaja, nsapato ndi zodzoladzola kudzera pa foni, ndipo akulipira lendi, akuphunzitsa abale awo. Chimene ndikukana ndi bodza lakuti zimenezi zimachitika mwachangu, mosakhetsa thukuta, ndiponso kuti pali chinsinsi chimene chimagulidwa. Aliyense amene wakhalitsa pa malondawa akuuzani kuti ntchito yake yambiri ndi yotopetsa: kuwerengera, kuyankha mafunso omwewo kakhumi patsiku, kudikira basi padepoti, kupepesa kasitomala amene katundu wake wachedwa. Zimenezi sizikoma pa vidiyo, n'chifukwa chake akulu a makiyi aja sazitchula.

Nkhani imene amaikonda kwambiri ndi ya Jeff Bezos. Amati Amazon inayambira m'galaja, ndiye inunso mukhoza kuyambira kuchipinda kwanu ku Ndirande. Galajayo inalipodi, ku Bellevue pafupi ndi Seattle, mu 1994. Chimene amabisa n'chakuti Bezos anali atangosiya udindo waukulu pa kampani ya zandalama ya D. E. Shaw ku New York, ndipo mu 1995 makolo ake anaika m'bizinesiyo ndalama pafupifupi madola 245,000. Ngakhale zinali choncho, Amazon inadzatseka chaka ndi phindu koyamba mu 2003. Zaka zonse zapakatizo kampaniyo inkataya ndalama, anthu olemera n'kumaonjezera zina. Tandiuzani, amwene, ndani angakuonjezereni mpamba kwa zaka zonsezo inu mukungotaya? Amalume anu a ku Kasungu?

Tiyeni tibwere kuno kwathu ku Africa. Jumia inayamba ku Lagos mu 2012 ndi ndalama za kampani ya ku Germany yotchedwa Rocket Internet. Mu April 2019 inalowa pa msika wa masheya wa ku New York, anthu n'kumaitchula kuti Amazon ya ku Africa. Chisanathe chaka chomwecho inatseka ku Cameroon ndi ku Tanzania, ndipo kumapeto kwa 2024 inachokanso ku South Africa ndi ku Tunisia. Pofika nthawi imeneyo inali isanatsekepo chaka ndi phindu. Awatu ndi anthu a mamiliyoni a madola, a nyumba zosungiramo katundu ndi akatswiri a makompyuta. Chinawatopetsa si kusowa kwa tsamba lokongola. Ndi misewu, maadiresi osadziwika, ndalama za maiko zimene zimangogwa mphamvu, ndi makasitomala amene safuna kulipira asanagwire katundu ndi manja awo.

Mavuto omwewo ndi amene akudikira inu ndi ine, kungoti ife tilibe wotigwira tikagwa. Foni imangothandiza kuti munthu aone katundu ndi kutumiza ndalama. Nsapatoyo payokha siyenda pa intaneti. Iyenera kukwera kabaza, kapena basi yochokera ku Wenela, kapena kupita kwa anthu onyamula maphukusi, n'kukafika kwa munthu amene adiresi yake ndi yakuti mukafika pachigayo mukhote kumanzere, mufunse nyumba ya geti lofiira. Ulendo umenewo uli ndi mtengo, ndipo wina ayenera kuulipira. Mphunzitsi amene sakuyamba ndi nkhani imeneyi sanatumizepo phukusi chibadwire.

Ndiye pali nyimbo ina yotchedwa dropshipping. Amati simufunika katundu: mungoika zithunzi za ku AliExpress, kasitomala akalipira inu muitanitse ku China, katundu apite yekha kwa mwini wake, inu mutsale ndi chapamwamba. Kumaiko kumene positi imafika pakhomo ndipo aliyense ali ndi khadi yolipirira kunja, ena zimawayendera. Kuno dziko lathu lilibe doko, katundu amatenga masabata, pali msonkho wa MRA, ndipo kuti mulipire ku China pakufunika madola, amene ngakhale makampani oitanitsa mafuta ndi mankhwala akhala akuwasowa m'mabanki. Kasitomala wa ku Area 25 amene wakupatsani ndalama yake lero sadikira masabata asanu ali phee. Pa tsiku lachitatu wayamba kuimba, pa sabata yachiwiri chithunzi chanu chili m'gulu la Facebook ndi mawu akuti chenjerani ndi wakuba uyu.

Za madolazi tiyeni tizione bwinobwino, chifukwa ndi zimene zinapha mageni ambiri mwakachetechete. Mu May 2022 Reserve Bank of Malawi inagwetsa kwacha ndi 25 peresenti. Mu November 2023 inaigwetsanso ndi 44 peresenti, dola n'kuchoka pa K1,180 kufika pa K1,700. Tiyerekeze kuti munaoda chikwama cha madola 10 kwacha isanagwe. Chinakudyerani K11,800. Mwachigulitsa K15,000, mwasangalala kuti mwapindula K3,200. Mawa lake mukufuna kuoda china, mtengo wake ndi K17,000. Ndalama yonse imene muli nayo m'manja, mpamba ndi phindu lomwe, sikukwana kugula chikwama chimodzi chomwecho. Mwagulitsa, mwamwetulira, koma mwasauka. Wamalonda wochenjera amaika mtengo poyang'ana ndalama imene adzaodere katundu wotsatira, osati imene anaodera wapitayu. Phunziro limeneli ndakupatsani ulere, ndipo likuposa zonse zimene zili m'gulu la K10,000 lija.

Chimene chimandipsetsa mtima kwambiri ndi zimene akuluwa amanena geni ikagwa. Amati vuto ndi maganizo anu, muli ndi mtima waumphawi, simunafunitsitse. Mtsikana wagulitsa foni yake yakale, wabwereka kwa mayi ake, watsatira zonse zimene anauzidwa, kwacha yagwa, bandulo yakwera, katundu wakhala kuboda, ndiye wina amene sanagulitsepo kanthu akumuuza kuti analephera chifukwa sadzuka 4 koloko m'mawa. Imeneyi ndi nkhanza. Amakudyerani ndalama poyamba, kenako n'kukusiyirani manyazi kuti musakadandaule kwa wina aliyense. Munthu wamanyazi sabwera kudzafunsa ndalama yake, ndipo iwo akudziwa zimenezo.

Tsopano tiyeni tichite masamu amene iwo sachita. Manambala awa ndi ongoyerekezera, inu muikemo anu. Muli ndi K200,000. Mwaoda mapeyala 10 a nsapato pa K15,000 iliyonse, yapita K150,000. Mukufuna kugulitsa pa K22,000. Masamu a pa TikTok akuti phindu ndi K7,000 pa peyala, ndiye K70,000 yonse. Koma minibasi yopita kokaoda ndi kubwerera yadya K6,000. Bandulo ya mwezi K10,000. Majumbo ndi zokutira K4,000. Kabaza wokapereka katundu maulendo asanu K10,000. Zodula potapa ndalama kwa ejenti K5,000. Zonse pamodzi mwaononga K185,000. Nsapato zonse zikagulidwa pa mtengo wanu mupeza K220,000, ndiye kuti phindu ndi K35,000, theka la zimene munalonjezedwa.

Komatu nsapato zonse sizigulidwa pa mtengo wanu. Makasitomala awiri anenerera mpaka mwawapatsa pa K20,000. Peyala imodzi ndi ya saizi yovuta, yakhala pansi pa bedi. Mwatolera K194,000, phindu latsala K9,000 ndi nsapato yopanda mwini. Ndiye abwere msuweni wanu atenge peyala imodzi mwa zogulidwazo n'kunena kuti ndikupatsa kumapeto kwa mwezi. Basi, mwalowa m'dzenje la K13,000, pomwe pa status anthu akukuonani ngati bwana. Ambiri amene geni zawo zinatha sanaberedwe ndi munthu. Ndalama inkatuluka pang'onopang'ono m'timabowo tosaoneka, iwo osalemba.

N'chifukwa chake ine ndimati chida choyamba cha malonda a pa intaneti ndi kope la masamba 40 ndi cholembera. Logo idikire, tsamba la webusaiti lidikire, dzina lachingerezi lokhala ndi mawu akuti Empire kumapeto lidikirenso. Lembani chilichonse chimene chalowa ndi chimene chatuluka, ngakhale K500 ya jumbo. Ndalama ya geni ikhale pa nambala yakeyake, yosiyana ndi imene mumagulira chiwaya ndi mayunitsi. Dzipatseni malipiro odziwika pa sabata, ochepa, ndipo musapyole pamenepo. Mukatero mudzaona chinthu chimene masamu aja akubisa: mpamba wochepa umakula ndi liwiro limene ukuzungulira. Bandulo ya K10,000 ndi yomweyo kaya mwagulitsa mapeyala 10 kaya 30 pa mwezi. Katundu wa phindu lochepa amene akutha sabata iliyonse amaposa wa phindu lalikulu amene akukhala miyezi iwiri akudya fumbi.

Za ngongole ya achibale ndinene mosabisa, ngakhale ena akwiye. Tinaleredwa kuti m'bale sakanizidwa, ndipo ndi khalidwe labwino pa maliro, pa matenda, pa njala. Koma wigi si matenda. Munthu amene akutenga katundu wanu pa ngongole n'kumakazemba mafoni akudya mbewu imene munasunga kuti mudzale. Ngati mukufuna kum'thandiza, m'patseni ndalama ya m'thumba mwanu mukudziwa kuti mwapereka, osati ya geni. Ndipo inu abale amene mumati tithandizane, kuthandiza mwana wa achemwali anu ndi kugula pa mtengo wake, kulipira pompo, ndi kuuzako anzanu a kuntchito.

Tsopano nditembenukire kwa ife ogulitsa, chifukwa si akulu a makiyi okha amene akuononga msikawu. Chizolowezi ichi choika chithunzi cha diresi popanda mtengo, munthu akafunsa n'kumuyankha kuti inbox, chinachokera kuti? Kumsika wa Limbe kapena wa Tsoka ukafunsa mtengo amakuuza pomwepo anthu akumva. Pa Facebook tikufuna munthu atsegule uthenga, apereke moni, adikire maola atatu, kuti amve nambala imene tikanailemba ndi zala ziwiri. Ena amati akubisira opikisana nawo. Opikisana nanuwo ali ndi foni, afunsa ndi nambala ya mlongo wawo, mtengo audziwa lero lomwe. Amene mwam'thamangitsa ndi kasitomala weniweni, amene waganiza kuti mukufuna muone kaye nkhope yake ndi kumene amagwira ntchito kuti mum'tchulire mtengo womuyenera. Ndipo nthawi zambiri waganiza zoona. Mbewa ya manyazi inafera kuuna: ngati mtengo wanu mukuchita nawo manyazi, vuto lili pa mtengowo.

Chachiwiri ndi zithunzi zakuba. Mwatenga chithunzi pa Instagram cha mtsikana wa ku Turkey atavala suti yosokedwa bwino, kasitomala walipira, chimene chafika ndi nsalu yopyapyala ya mtundu wina. Mwapeza K8,000 lero, mwataya munthu amene akanagula kwa inu kasanu chaka chino, pamodzi ndi anzake onse a ku ofesi. Choipitsitsa ndi aja olandira ndalama n'kutseka nambala. Amenewa ndi akuba basi, ndipo akuba kwa tonsefe, chifukwa munthu akaberedwa kamodzi pa foni amalumbira kuti sadzatumizanso ndalama asanaone katundu. Mtsikana wachilungamo amene wayamba dzulo ndi amene akulipira mlandu wa mbava imene sanaionepo.

Ku China vuto limeneli analiona msanga. Alibaba itatsegula msika wa Taobao mu 2003, ogula ankaopa kulipira anthu osawadziwa. Yankho lawo linali Alipay: ndalama ya wogula inkasungidwa pakati, wogulitsa n'kuilandira pokhapokha wogula atavomera kuti katundu wafika. Chimene chinakulitsa msika umenewo ndi kuchotsa mantha. Ife ogulitsa pa WhatsApp tilibe wotisungira ndalama pakati, ndiye ntchito yochotsa manthayo ili pa mapewa athu. Jambulani katundu weniweni ndi foni yanu, padzuwa, ngati pali kachilema kaonekere. Lembani mtengo, saizi ndi mtengo wotumizira pa chithunzi chomwecho. Dzina la pa Airtel Money kapena Mpamba lifanane ndi limene anthu akulidziwa. Kwa kasitomala watsopano wa mumzinda womwewo, kumanani poyera alipire ataona. Wakutali m'tumizireni chithunzi cha risiti ya phukusi asanafunse. Nenani poyera zimene mumachita katundu akapanda kukwana. Inunso dzitetezeni: uthenga wakuti ndalama yalowa ukhoza kukhala wopeka, yang'anani balansi yanu musanapereke kanthu.

Ndiye pali chinyengo china chimene timadzinyenga tokha, cha ma like. Anthu 400 akhoza kukonda chithunzi chanu osagula ngakhale mmodzi. Status ya WhatsApp imatha pakadutsa maola 24, ndipo amaiona ndi okhawo amene munasungirana nambala, ndiye kuti ambiri ndi abale ndi anzanu a kusukulu omwe aja. Kulipira Facebook kuti ikulengezereni kumafuna khadi ndi ndalama zakunja, ndipo kungomwaza chilengezo kwa aliyense n'kuthira madzi pamchenga. Chuma cha wamalonda wamng'ono ndi anthu 30 amene anagulapo, anakhutira, ndipo abweranso. Alembeni m'kope lija: dzina, saizi, chimene anagula, tsiku. Katundu watsopano akafika, auzeni iwo poyamba. WhatsApp Business, imene inatuluka mu 2018, ndi yaulere ndipo ili ndi malo oikapo katundu ndi mitengo yake. Imeneyo ikukwanirani kwa nthawi yaitali musanaganize zolipira munthu kuti akupangireni webusaiti.

Pa nkhani ya mpamba, yambani ndi chinthu chimodzi chimene mukuchidziwa bwino. Ngati mumadziwa nsapato za amuna, khalani pa nsapato za amuna mpaka anthu akamva dzina lanu aziganiza nsapato. Tsamba limene lero lili ndi mawigi, mawa nkhuku, mkuja mapoto, palibe amene amalikumbukira. Musaode belo lonse la kaunjika ndi ndalama yanu yomaliza, chifukwa belo ndi mwayi, mukhoza kupezamo majuzi okhaokha mu October. Sankhani zidutswa zochepa zabwino kwa otsegula mabelo, muchape, musite, mujambule. Amene amapita ku Kariakoo ku Dar es Salaam kapena ku Johannesburg mukhoza kuwatuma zochepa, mutamva kaye kwa makasitomala anu chimene akufuna. Ndipo katapila m'thaweni. Geni imene phindu lake lenileni ndi K9,000 pa K185,000 singabweze chiwongoladzanja cha katapila, ingokudyetsani foni ndi firiji ya mayi anu. Chipereganyu kapena banki mkhonde ya anthu odziwana ndi yabwinopo, bola muwerengere kaye ngati katunduyo atha tsiku lobweza lisanakwane.

Ndikudziwa chimene ena anene. Ati kodi kulipira maphunziro n'kulakwa? Ati ena amafunika wowalimbitsa mtima kuti ayambe, ndipo ngakhale mmodzi mwa 300 aja akadzuka n'kuchita kanthu, si phindu limenelo? Kulipira munthu wodziwa si kulakwa ayi. Telala amaphunzitsa kusoka ndipo amalipidwa, koma telalayo ali ndi makina, ali ndi makasitomala, ukhoza kuona diresi limene wasoka. Za mmodzi mwa 300 uja, funsani za enawo 299 amene K10,000 yawo inali theka la mpamba. Kulimba mtima kumene kwagulidwa ndi bodza kumatha pa tsiku limene nsapato yoyamba yakana kugulidwa, ndipo munthuyo amatsala wofooka kuposa kale, chifukwa anauzidwa kuti kwa ena zimayenda mosavuta. Amene wauzidwa zoona kuti miyezi yoyamba phindu lidzakhala la bandulo ndi sopo sadabwa, amapitiriza.

Choncho akakuitaniraninso ku gulu lolipira, m'funseni mkuluyo zinthu zitatu poyera, pa ndemanga pomwe anthu akuona. Mumagulitsa katundu wanji kupatula maphunzirowa? Mumaoda kuti, ndipo kutumiza phukusi kuchokera ku Lilongwe kupita ku Mzuzu mumalipira zingati? Tionetseni makasitomala atatu amene anagulapo kawiri. Wamalonda weniweni ayankha osaganiza n'komwe, chifukwa ndi zimene amachita tsiku lililonse. Winayo afufuta ndemanga yanu n'kulemba kuti anthu ansanje achuluka. Mukaona zimenezo, K10,000 yanuyo tengani mukagule kope, majumbo ndi bandulo, yotsalayo muonjezere pa katundu woyamba. Ndipo chithunzi chimene muike usiku uno chikhale ndi mtengo wake pansi.